Tifunseni: Nthaka Itagwedezeka M'Lusaka

Kuyambira usiku umene nthaka inagwedezeka anthu ambiri a m'Lusaka ali m'tulo, makalata amene afika ku ofesi yathu ndi ambiri kuposa amene tsamba lino lingakwanitse, ndipo pafupifupi onse akufunsa za chinthu chimodzi. Tasankhapo anayi, ena tawafupikitsa koma mfundo zake sitinazisinthe.

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri m'komboni ya Chawama. Usiku umenewo ndinadzidzimuka ndi mkokomo wonga wa lole yodzaza miyala imene ikudutsa kuseri kwa nyumba, chonsecho kuseri kwathu kulibe msewu. Ndisanadzuke n'komwe, bedi linayamba kugwedera, mbale zinalira pa shelefu, ndipo umodzi mwa miyala imene eninyumba anasanjika pa malata kuti asauluke ndi mphepo unagubuduzika padenga. Ndinabereka wamng'ono, n'kukoka enawo, tonse tinathamangira panja opanda nsapato, moti wachiwiri anachekeka phazi ndi botolo losweka. Panja tinapeza komboni yonse itatuluka, ena atangofunda zitenje, ena akupemphera mokweza. Ine ndinakula ndikumva kuti zivomezi ndi za ku Japan, kwathu kuno mavuto ndi chilala, madzi osefukira ndi kolera. Nanga zayamba liti kufika kuno? Ndipo kodi ndinachita bwino kuthawira panja?

Mayi wodabwa, Chawama

YANKHO

Amayi, pepani ndi bala la mwanayo, tikhulupirira kuti phazi lapola. Zimene munakula mukumvazo ambiri tinazimvanso, koma si zoona. Zivomezi sizinayambe chaka chino. Zimangobwera patalipatali, moti pamene china chikufika, anthu amene anamva cham'mbuyocho amakhala ataiwala kapena atatsikira kuli chete.

Dziko lathu lili m'mphepete mwa mng'alu waukulu umene ukung'amba Africa kuchokera ku Ethiopia kutsika mpaka ku Mozambique, umene akatswiri a miyala amautcha East African Rift. Mbali ya kum'mawa ikupatukana ndi inzake ndi mamilimita ochepa chabe pa chaka, koma popeza thanthwe silitamuka ngati mphira, limayamba lapirira kwa zaka mazanamazana, kenako n'kuthyoka mwadzidzidzi, ndipo kuthyokako ndiko kumatipeza pabedi. Nyanja za Tanganyika, Malawi ndi Mweru zakhala m'maenje amene mng'aluwu unatsegula, ndipo zigwa za Luangwa ndi Zambezi nazonso zili ndi ming'alu yake yakalekale imene sinagone tulo tofa nato. Aliyense amene anakwerapo basi yopita ku Chirundu, makutu n'kumatsekeka potsika mapiri aja, ankatsikira m'chigwa chimene chinapangika nthaka itatitimira. Lusaka ili pamtunda, ndiye chifukwa chake zambiri zimene timamva kuno zimachokera kutali ndipo zimafika zitatopa, koma kutaliko si ku Japan ayi.

Mu 1910 chivomezi choposa 7 pa muyeso wa mphamvu ya zivomezi chinagwedeza dera la nyanja ya Rukwa ku Tanzania, kufupi ndi malire athu a kumpoto. Pa 10 Malichi 1989 china chinakantha Salima ku Malawi, n'kupha anthu 9 ndi kusiya anthu zikwizikwi opanda pogona. Cha ku Machaze ku Mozambique, mu Febuluwale 2006, chinali cha 7.0 ndipo chinamveka m'maiko onse ozungulira. Mu Disembala 2009 anthu a ku Karonga anakhala masabata nthaka ikugwedezeka mobwerezabwereza, chachikulu n'kufika 6.0, nyumba zambiri n'kugwa. M'dziko lathu lomwe, mu Febuluwale 2017, cha 5.9 chinagwedeza Kaputa, ndipo pasanathe miyezi iwiri, pa 3 Epulo, cha 6.5 chinadzidzimutsa anthu a ku Botswana, amene nawonso ankadziona otetezeka monga mmene ife timadzionera.

Tsono za kuthawira panja. Sitikudzudzulani, chifukwa mtima wa kholo umathamangira kutulutsa ana, komabe tiyenera kunena mosabisa kuti pamene nthaka ikugwedezeka ndi pamene pakhomo pamaopsa kwambiri. Zimene zimayamba kugwa ndi za m'mphepete mwa nyumba: mabuloko a pamwamba pa khoma, magalasi a mawindo, mipanda, ndi miyala ya padenga yonga umene munaumva uja. Taganizirani kanjira kamene kali pakati pa nyumba yanu ndi ya aneba, kamene anthu awiri sangapatukirane bwino, khoma uku khoma uku, mawaya a magetsi ali pamwamba. Munthu wothamanga m'kanjira kotere mumdima, mwana ali kumsana, ali pangozi kuposa amene watsala m'nyumba.

Chikakupezani muli pabedi, khalani pomwepo mutadziphimba kumutu ndi pilo, pokhapokha ngati pamwamba panu pali cholemera chimene chingagwe. Chikakupezani muli chiimire, gwadani msanga chisanakugwetseni, lowani pansi pa tebulo lolimba ndi kugwira mwendo wake, ndipo ngati tebulo palibe, khalani kutali ndi windo ndi kabati, manja atateteza mutu ndi khosi. Zakuti muziima pa felemu ya chitseko zisiyeni, chifukwa m'nyumba zathuzi felemu silimba kuposa khoma limene laigwira. Amene amagwira ntchito m'nyumba zosanja za pa Cairo Road, monga Findeco House, adziwe kuti pamwamba pamayendayenda kwambiri kuposa pansi, koma chikepe asachikhudze, ndipo pa masitepe asathamangirepo mpaka kugwedezeka kutaleka. Pamodzi pokha ndi pamene tingavomere kutuluka: ngati nyumba ndi ya zidina yong'aluka kale, muli pafupi ndi chitseko, ndipo panja pali bwalo lopanda khoma.

Kukakhala bata, yambani mwavala nsapato, zimitsani mbaula ndi kandulo, tsekani gasi ngati mumaphikira gasi, kenako tulukani mwadongosolo kukaima poyera. Chivomezi chachikulu chimatsatiridwa ndi tina ting'onoting'ono, ndipo khoma limene choyamba chinalifooketsa likhoza kugwa ndi chachiwiri. Madzi a pachitsime muziwawiritsa kapena kuthiramo kolorini, pakuti m'makomboni athu zimbudzi zokumba ndi zitsime n'zoyandikana kale, ndiye nthaka ikang'aluka zimayandikana koposa.

FUNSO

Akonzi, ine ndine bambo wopuma pa ntchito, ndimakhala ku Matero. M'mawa mwake uthenga unazungulira pa WhatsApp wonena kuti akatswiri a kunja achenjeza kuti china chachikulu chibwera pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku wotsatira. Ine ndi mayi a kunyumba, ndi ukalamba wathuwu, tinagona pa mphasa pabwalo mpaka tambala kulira, udzudzu ukutidya, koma sikunachitike kanthu. Anzanga a pa nsolo ena akuti gwero lake ndi damu la Kariba, ena akuti ndi mabomba ophwanyira miyala ku makwale. Zoona ndi ziti?

Bambo wa ku Matero

YANKHO

Bambo, amene analemba uthengawo anakunamizani, ndipo anakupatsani ngozi ya malungo pofuna kukuchotserani ngozi imene kunalibe. Palibe katswiri pa dziko lapansi amene angatchule tsiku ndi ola la chivomezi. Akatswiri angathe kunena kuti dera lakuti limagwedezeka kawirikawiri, angathenso kunena kuti pambuyo pa chachikulu kudzabwera ting'onoting'ono, koma pomwepo m'pamene nzeru zawo zimalekezera. Ku China, mu Febuluwale 1975, akuluakulu anatulutsa anthu m'nyumba ku Haicheng ataona tizivomezi tikuchulukana, ndipo chachikulu chinabweradi, moti ambiri anaganiza kuti njira yapezeka. Chaka chotsatira, mu Julayi 1976, cha ku Tangshan chinabwera usiku popanda chenjezo n'kupha anthu oposa 240,000. Ngakhale ku Japan ndi ku Mexico, kumene mafoni ndi mawailesi amalira pochenjeza, chenjezolo limabwera chivomezi chitayamba kale kwina, ndipo limapatsa munthu masekondi owerengeka okha. Makina oyezera zivomezi amene a Geological Survey Department, nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, amayang'anira amalemba zimene zachitika, osati zimene zidzachitike, ndipo nkhani za ngozi zimalengezedwa ndi a Disaster Management and Mitigation Unit, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene ali pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti. Uthenga wopanda dzina la ofesi, womaliza ndi mawu akuti tumizani kwa onse amene mumawakonda, muziufufuta.

Anzanu amene akutchula Kariba sanaphonye kwenikweni. Khoma la damulo linatha mu 1959, nyanja inadzaza mu 1963, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho dera la Kariba linagwedezeka ndi chivomezi cha pafupifupi 6, pakati pa zina zambiri zimene zinatsatana m'zaka zimenezo. Kulemera kwa madzi ochuluka chotere, pamodzi ndi madzi olowerera m'ming'alu ya thanthwe, kumafulumizitsa kuthyoka kumene kunali kudikira kale, ndipo mpaka lero anthu a ku Siavonga sadabwa nthaka ikanjenjemera. Komabe si chilichonse chomveka m'Lusaka chimene chimachokera kumeneko. Chimene chimadula mlandu ndi malo amene makina asonyeza kuti chinayambira. Za makwale n'zosavuta kusiyanitsa. Bomba la kukwale amaliphulitsa masana, limamveka kamodzi ngati chitseko chomenyetsedwa, ndipo amalimva ndi okhala pafupi okha. Silingadzutse Matero ndi Chawama pa mphindi imodzi pakati pa usiku.

FUNSO

Akonzi, ndakhala zaka 6 ndikumanga nyumba pang'onopang'ono pa puloti yanga kumwera kwa mzinda, ndalama ikapezeka. Mabuloko anandiumbira ndi anyamata a pafupi, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndinawauza kuti thumba lililonse la simenti litulutse mabuloko ambiri mmene angathere. Titafika pamwamba pa mawindo, mmisiri anati ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, ndi ya anthu omanga nyumba zosanja, yanga sikufunika. Tinasamukiramo chaka chatha. Chivomezi chija chitapita ndinapeza mng'alu wochokera pa ngodya ya windo la kuchipinda cha ana, wokwera mopingasa mpaka kudenga, ndipo nsonga ya chala imalowamo. Mmisiri akuti ndingomata ndi pulasitala n'kupaka penti. Ndimvere?

Womanga ndi thukuta, Lusaka

YANKHO

Achimwene, musamvere, ndipo musanawerenge zotsatirazi kachotseni kaye mabedi a ana pafupi ndi khoma limenelo. Mwa makalata onse amene talandira, yanu ndiyo yakhudza pamene pali bala, chifukwa chimene chingatiphe m'Lusaka tsiku limene chachikulu chidzafike n'chimene tikusanja tokha ndi manja athu Loweruka lililonse.

Chaka cha 2010 chinaonetsa zimenezi poyera. Mu Januwale chivomezi cha 7.0 chinakantha Haiti n'kupha anthu oposa 100,000. Mwezi wotsatira cha 8.8, chimene mphamvu yake inali yoposa cha ku Haiti pafupifupi ka 500, chinakantha Chile, koma omwalira anali oposa 500 pang'ono. N'zoona kuti cha ku Haiti chinayambira pafupi kwambiri ndi likulu lawo la Port-au-Prince, komabe kusiyana kwakukulu kunali pa kamangidwe. Anthu a ku Chile anaphunzira ndi misozi mu 1960, pamene chivomezi cha 9.5, chachikulu kuposa chilichonse chimene makina analembapo, chinawasakaza, ndipo malamulo awo a zomangamanga ndi okhwima. A ku Haiti anali atakhala mibadwo ingapo osaona chachikulu, ndipo ankamanga ndi mabuloko osowa simenti, zitsulo zochepa, popanda woyendera. Amene anaona zithunzi za mzindawo usanagwe akhoza kuganiza kuti ndi Kanyama kapena Misisi atasamutsidwira paphiri. Ku Morocco nakonso, mu Sepitembala 2023, anthu pafupifupi 3,000 anafa, ambiri mwa iwo m'midzi ya m'mapiri kumene nyumba za dothi ndi miyala zinawagwera.

Khoma la mabuloko limadziwa ntchito imodzi yokha, yosenza katundu wochokera pamwamba. Chivomezi sichilikanikiza kuchokera pamwamba, chimalikankha cham'mbali, uku ndi uku, ndipo makoma anayi amene sanamangidwe pamodzi lililonse limayenda njira yake mpaka ngodya zitatseguka. Tengani lichero muchotse mkombero wake, kenako mupetere chimanga, muone ngati litenge nthawi lisanamasuke. Ring beam ndiye mkombero wa nyumba: lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, wozungulira makoma onse osadukiza, akunja ndi amkati omwe. Makolo athu ankazidziwa izi popanda kupita kusukulu, pakuti mitengo ya nyumba ankaizunguliza ndi mbaliro n'kumanga ndi luzi, denga n'kukhala la udzu wopepuka, moti nyumba yotere imavina ndi nthaka koma kawirikawiri sipha munthu. Ife tinasiya luzi n'kutenga simenti, koma mkombero tinauiwala.

Za mabuloko, mlembi wanu ali ndi umboni wa m'manja mwake. Sabata yatha anaima pamalo ena ogulitsira mabuloko m'mbali mwa msewu, n'kukanda limodzi ndi kiyi wa kunyumba. Mchenga unayoyoka ngati shuga, ndipo atakanikiza ngodya ndi chala chachikulu inanyenyeka. Mnyamata wogulitsayo sanachite manyazi, anangoseka n'kunena kuti olimba aliponso kuseri, koma makasitomala amafunsa mtengo, safunsa simenti. Mabuloko ena anali ataumbidwa dzulo lake, akuuma padzuwa popanda wowathirira, chonsecho simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa: imafunika kukhala yonyowa kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yeniyeni amaiyeza patatha masiku 28. Buloko labwino mukaligogoda ndi chitsulo limalira momveka bwino, ndipo mukaligwetsa kuchokera m'chiuno silisanduka zidutswa.

Mng'alu wanuwo muuyese motere. Gumulani pulasitala m'mbali mwake kuti muone ngati uli pa pulasitala pokha kapena wadutsa m'mabuloko, kenako kaoneni ngati ukuonekanso kunja kwa khoma. Wopyapyala ngati tsitsi, wa pa pulasitala pokha, suopsa. Koma wopingasa wochokera pa ngodya ya windo, wolowa chala, woonekera mbali zonse ziwiri, ukutanthauza kuti khoma lathyoka, ndipo kuumata n'chimodzimodzi kuphimba chilonda chonyeka ndi nsalu yoyera. Lembani mzere ndi pensulo pamene wathera, mulembepo tsiku, kuti mudziwe ngati ukukula. Kenako itanani injiniya wovomerezeka ndi bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia adzaone, osati mmisiri yemweyo, chifukwa fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. Nthawi zambiri nyumba yotere imakonzeka: amatsitsa malata, n'kumanganso khoma lothyokalo, n'kuthira ring beam pamwamba pa makoma onse, mitengo ya denga n'kuimangirira ku lambayo. Ndalama zake zimapweteka, koma tikuganiza kuti pa bajeti yanu pali matailosi ndi siling'i zimene zingadikire.

Injiniyayo akabwera mumuonetsenso zinthu zitatu zimene eninyumba saziganizira. Choyamba ndi khoma losongoka la kumapeto kwa denga, limene limaima lokha pamwamba popanda choligwira, ndipo likagwa limagwera mkati, pamene pali mabedi. Chachiwiri ndi mpanda. M'Lusaka timamanga mipanda yaitali kuposa munthu, yopyapyala, yopanda mizati ya konkire, pa maziko osaya, ndipo ina imagwa ndi mvula yokha ana akusewera m'tsinde mwake. Chachitatu ndi thanki ya madzi: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 5,000 ndi matani asanu amene mwawakweza pa miyendo inayi ya chitsulo pafupi ndi khitchini. Afunseninso za nthaka ya puloti yanu, chifukwa thanthwe limene amayi ophwanya miyala amalimbana nalo m'mbali zambiri za mzinda uno ndi bwenzi la nyumba pa chivomezi, pamene dambo ndi maenje akale okwiriridwa ndi zinyalala zimakulitsa kugwedezeka.

FUNSO

Akonzi, ndili mu giredi 9 ndipo ndimakhala ku Mtendere ndi agogo anga aakazi, amene kwawo ndi ku Zomba. Iwo akuti amene anadutsa usiku uja ndi Napolo, ndipo umboni wawo ndi wakuti galu wathu anayamba kuuwa nyumba isanagwedezeke. Kodi nyama zimadziwiratu? Nanga manambala monga 5.9 amatanthauza chiyani?

Mtsikana wa sukulu, Mtendere

YANKHO

Mwanawe, agogo ako usawatsutse mwamwano, chifukwa akuchokera kumene dzina la Napolo lili ndi manda ake. Mu 1946 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba n'kuwononga tauni, ndipo mu 1991 zinachitikanso ku Phalombe, kumene anthu mazana anafa. Makolo ankati ndi chinjoka chimene chikusamuka kuphiri kupita kunyanja. Koma uwafunse mwaulemu ngati Napolo anayendapo popanda mvula yamphamvu ndi phiri, pakuti iwo eni akudziwa kuti njira yake imaoneka ndi maso, pamene chivomezi chimachokera pansi penipeni, makilomita ambiri kunsi kwa mapazi athu.

Galu wanu sanalosere, anangomva msanga. Thanthwe likathyoka limatumiza mafunde a mitundu iwiri. Oyamba amathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi ndipo ndi ofooka, moti anthu amangowamva ngati mkokomo uja mayi a ku Chawama anauyesa lole, kapena osawamva n'komwe. Achiwiri amayenda pang'onopang'ono koma ndiwo amagwedeza nyumba. Galu amamva oyambawo. Ukadzakhala maso tsiku lina, udzawerenge masekondi a pakati pa mkokomo ndi kugwedezeka, n'kuchulukitsa ndi 8, ndipo udzapeza pafupifupi makilomita a kumene chayambira.

Muyeso wa manambalawo anauyambitsa ndi Charles Richter ku California mu 1935, ndipo ngakhale akatswiri a lero amawerengera mwa njira ina, manambala ake amafanana. Sakwera ngati masitepe ofanana: cha 6 chili ndi mphamvu yoposa cha 5 pafupifupi ka 32, ndipo cha 7 chimaposa cha 5 ka 1,000. Nambalayo imanena za mphamvu ya pamene chayambira, koma zimene iwe ungamve ku Mtendere zimadalira kutalika kwa mtunda, kuya kwake ndi nthaka imene nyumba yanu yakhalapo. Ukapita kusukulu Lolemba, ukapemphe aphunzitsi a jogalafe kuti kalasi yonse iyesere kulowa pansi pa madesiki, ndipo mukaone kuti amene amakhala anayi pa desiki limodzi adzakwanamo bwanji.